Kujambula ndi Kukonza Zithunzi za Ukwati m'Chigwa cha Shire

Mabanja ambiri a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje saitanitsa katswiri wojambula wa ku Blantyre pa tsiku la ukwati, popeza ndalama zimene abale asonkha zimathera ku chakudya, zovala, zoimbira ndi mayendedwe, kotero ntchito yojambula imagwera mnyamata kapena mtsikana wa pachibale amene ali ndi foni yabwinoko, kapena wojambula wa pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula amene wangogula kumene kamera yakale. Kabuku kano kalembedwera anthu oterewa pamodzi ndi mabanja amene amawatuma ntchitoyi. Zithunzi zambiri za ukwati kuchigwa kuno zimawonongeka zinthu zitatu zikakumana malo amodzi: khungu lakuda, diresi loyera ndi dzuwa loswa mtengo. Diso la munthu limatha kuona nthawi imodzi maluwa osokedwa pa diresi ndi maso a mkwatibwi, koma kamera, ngakhale yodula, imalephera kusunga zonse ziwiri kuwala kukasiyana kwambiri, ndipo imataya chimodzi, mwina diresi n'kusanduka chigamba choyera chopanda kanthu, mwina nkhope n'kuda mpaka munthu osazindikirika. Wojambula amene wamvetsa vuto limeneli amalithetsa posankha malo ndi nthawi, asanagwire n'komwe batani lililonse.

Dzuwa la kuchigwa

Chikwawa ndi Nsanje zili pafupi ndi madigiri 16 ndi 17 kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo chifukwa cha zimenezi dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, pamene m'miyezi yoyandikana nayo limangopendekeka pang'ono. Tsiku lililonse limafika pamwamba 12 koloko isanakwane, nthawi imene maukwati ambiri amakhala akutuluka m'tchalitchi ndipo abale akuumirira kuti ajambulidwe pabwalo. Kuwala kochokera pamwamba kumagwera pamphumi, pamphuno ndi pamasaya n'kusiya maso ali mumdima, anthu amatsinzina chifukwa cha kuthobwa, ndipo thukuta, limene silisowa m'dera lomwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, limanyezimira pankhope. Palibe pulogalamu yokonzera zithunzi imene ingachiritse bwino chithunzi chojambulidwa motere.

Mankhwala ake ndi mthunzi, koma si mthunzi uliwonse. Woyenera ndi wa m'mphepete, pamene anthu aima mkati pang'ono mwa mthunzi koma nkhope zawo zayang'ana kunja kumene kuli thambo loyera, monga pakhonde la nyumba, pambali pa khoma la tchalitchi, pakhomo lalikulu lotsekula kapena kumapeto kwa nthambi za mtengo waukulu. Pamalo otere kuwala kumafika pankhope kuchokera kutsogolo, kofewa ndi kofanana, ndipo dothi loyera la pabwalo limabweza kuwala kwina kumene kumaunikira pansi pa chibwano. Mitengo ya mango ndi ya bwemba imapereka mthunzi wothithikana, pamene nimu, amene ali pafupifupi pakhomo lililonse kuchigwa, nthawi zina amalowetsa timadontho ta dzuwa timene timachititsa nkhope ndi diresi kukhala zamawangamawanga, kotero wojambula ayenera kuyang'anitsitsa pankhope za anthu ndi kuwasuntha phazi limodzi kapena awiri mpaka timadonthoto titachoka. Kulowa mkati kwambiri mwa mtengo nakonso n'kolakwika, chifukwa kumeneko kuwala kumachepa ndipo masamba amapaka khungu kamtundu kobiriwira. Mlambe m'chilimwe umakhala wopanda masamba, choncho suteteza munthu masana, ngakhale kuti madzulo umakongoletsa kwambiri kumbuyo kwa chithunzi.

Kumene mthunzi wachititsa nkhope kuderapo, mnzake wa wojambula angathe kugwira nsalu yoyera kapena katoni yaikulu yomatidwa pepala loyera, n'kuima padzuwa pafupi ndi akwatiwo kuti kuwala kugunde pansaluyo n'kubwerera kunkhope zawo. Chida chophwekachi chimathandiza khungu lakuda kuposa kugula lenzi yatsopano. Pepala lonyezimira lokulungira chakudya silifunika, popeza padzuwa la kuno limathobwa m'maso ndi kuwonjezera kunyezimira kwa thukuta.

Nthawi yabwino koposa yojambulira akwati awiriwo paokha ndi ola lomaliza dzuwa lisanalowe. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:15 madzulo, mu Okutobala cha m'ma 5:40, ndipo mdima sutenga nthawi kugwa. M'madera ambiri a ku Nsanje limabisika msanga kuposa apa kuseri kwa mapiri a kumadzulo kumene kuli Chididi. Vuto n'lakuti nthawi imeneyi perekaniperekani amakhala ali mkati, ndipo komiti ya ukwati sifuna kuti akwati achoke pampando ndalama zikugwa. N'chifukwa chake banja liyenera kugwirizana ndi wotsogolera mwambo kudakali masiku kuti cha m'ma 4:30 akwati atuluke kwa mphindi 15 zokha, anthu akulandira chakudya kapena akuvina. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa akwati, m'mbali mwa tsitsi ndi mwa velo mumawala bwino, koma wojambula ayenera kutchinga ndi dzanja pamwamba pa lenzi kuti kuwala kusalowe mwachindunji n'kuchititsa chithunzi kukhala chotuwa. M'miyezi ya chilimwe utsi wa moto wa m'tchire ndi wa nzimbe zootchedwa kufupi ndi Nchalo umafewetsa dzuwa la madzulo ndi kulifiiritsa, zimene zimakomera khungu, ngakhale kuti zimabisa mapiri a ku Thyolo amene ena amafuna kuti aoneke kumbuyo.

Mmene kamera imayezera kuwala

Kamera iliyonse, ya foni yomwe, imayeza kuwala poganiza kuti zonse zimene zili patsogolo pake zikasakanizidwa ziyenera kukhala zotuwa mwapakatikati, mtundu umene umabweza pafupifupi magawo 18 pa magawo 100 a kuwala. Diresi loyera likadzaza chithunzi, kamera imaona ngati kwawala mopitirira, imadetsa zonse, ndipo nkhope imamira. Masuti akuda a operekeza akachuluka imachita zosiyana, imawalitsa zonse mpaka diresi kupserera, kutanthauza kuti mbali yoyerayo imataya ulusi, mikanda ndi mapindo ake onse. Mbali yopserera sibwezeka pokonza, pamene mbali yoderapo ingathe kuwalitsidwa pang'ono. Choncho lamulo lothandiza n'lakuti chithunzi chiwalitsidwe mpaka pamene maluwa a pa diresi atsala pang'ono kuyamba kusowa, osapitirira apo, ndipo ngati nkhope idakali yakuda kwambiri, anthuwo asamutsidwe kapena nsalu yoyera ija iyandikire, m'malo molimbana ndi mabatani.

Pa foni zimenezi zimachitika pogunda ndi chala pankhope ya munthu pa sikirini, kugwirapo kamphindi kuti foni isasinthenso yokha, kenaka kukokera m'munsi kapena m'mwamba kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pambali. Pa kamera pali batani lokhala ndi zizindikiro za + ndi −, ndipo makamera ambiri angathe kutcheredwa kuti mbali zopserera ziziphethira chithunzi chikaonetsedwa, chinthu chofunika kwambiri panja pomwe sikirini sioneka bwino.

Kulephera kwa zipangizo pa khungu lakuda kuli ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley, kuti aziyezerapo mitundu pa makina awo, ndipo khadi lokhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana linatuluka m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Transsion ya ku China, imene imapanga mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix odzaza m'misika ya kuno, inatchuka mu Africa mwa zina chifukwa chotchera makamera ake kuti aziona bwino nkhope zakuda, ndipo Google inachita zofanana pa foni ya Pixel 6 mu 2021. Komabe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa kale kuti azisalaza ndi kuyeretsa nkhope, njira imene imalembedwa kuti Beauty, ndipo wojambula ukwati ayenera kuizimitsa, pamodzi ndi kachidindo ka dzina la foni kamene kamadindidwa pakona ya chithunzi. Ajambule ndi kamera ya kumbuyo, apukute kagalasi kake ndi nsalu yofewa kawirikawiri, ndipo aleke kukoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chifukwa kutero kumangokulitsa timadontho. Kuyandikira kwambiri nkhope nako kumakulitsa mphuno ndi mphumi, kotero mtunda wa mamita awiri ndi umene umasunga maonekedwe enieni a munthu.

Amene ali ndi kamera yosintha malenzi ayenera kudziwa zinthu zitatu. Choyamba ndi khomo la lenzi, bowo limene limakula kapena kuchepa, lolembedwa ndi chilembo cha f ndi nambala: nambala yaing'ono monga f/2.8 imatanthauza bowo lalikulu lolowetsa kuwala kwambiri ndi kuzimiriritsa zakumbuyo, loyenera munthu mmodzi kapena awiri, pamene gulu la mizere iwiri kapena itatu limafuna f/5.6 kapena f/8 kuti a kumbuyo aoneke bwino. Chachiwiri ndi liwiro la chitseko, nthawi imene kamera imatsekula kuti kuwala kulowe: 1/250 ya sekondi imakwanira anthu oyenda, 1/500 amayi ovina utse kapena achinyamata operekeza akwati akulowa m'holo, ndipo m'tchalitchi si bwino kutsika kupitirira 1/125. Chachitatu ndi ISO, muyeso wa mmene kamera imakulitsira kuwala kochepa: panja 100 kapena 200, m'tchalitchi 1600 kapena 3200, ngakhale kuti nambala ikakwera chithunzi chimachita timiyalamiyala. Chithunzi cha timiyala koma chakuthwa n'chabwino kuposa chosalala koma chogwedera. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ili m'gulu la zotsika mtengo kwambiri pa makamera a Canon ndi Nikon, ndi yokwanira zithunzi za akwati.

Fulashi, getsi lothwanima la kamera, imathandiza masana kudzaza mdima wa m'maso ngati mphamvu yake yachepetsedwa, koma ikakhala yamphamvu imachititsa nkhope ya thukuta kung'anima ndi kutuwa. Langizo lofala lakuti fulashi ilozetsedwe kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa siligwira ntchito m'matchalitchi ndi m'maholo ambiri a kuno, amene ali ndi malata aatali opanda siling'i, choncho ndi bwino kudalira mazenera ndi makomo, wojambula ataima kumbali imene kuwala kukuchokera.

Zoyenera kukambirana tsiku lisanafike

M'chigwa muno mumakhala Amang'anja, amene mwambo wawo umatsata kuchikazi ndipo atsibweni ndi amene ali ndi mawu pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo, komanso Asena, amene amalowola ndi kutsata kuchimuna, ndipo maukwati ambiri masiku ano amalumikiza mitundu iwiriyi kapena anthu obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Wojambula sangadziwe pongoyang'ana kuti wofunika ndani, ndipo chithunzi chokongola cha operekeza sichilipira kusowa kwa chithunzi cha ankhoswe kapena cha agogo amene anamulera mkwatibwi. Banja lilembe papepala magulu oyenera kujambulidwa, osapitirira 10 kapena 12, kuyambira okalamba ndi a ana aang'ono kuti asadikire padzuwa, ndipo mbali iliyonse isankhe munthu mmodzi wodziwa abale kuti aziwaitana. Pa chinkhoswe nthawi zosayenera kuphonya ndi pamene ankhoswe akupatsana tambala ndi thadzi, pamene mkazi akuvundukulidwa pakati pa anzake ofundidwa zitenje, ndi pamene awiriwo akulandira nkhwangwa, khasu, lichero ndi mthiko. Pa ukwati woyera ndi kuvekana mphete, kusayina chikalata, kutuluka pakhomo ndi kudula keke.

Mipingo imasiyana pa zimene imalola, kotero wojambula akaonane ndi ansembe, abusa kapena shehe mwambo usanayambe, afunse poyenera kuima ndiponso ngati fulashi ikuloledwa, ndipo asayendeyende kutsogolo nthawi ya pemphero. Mgwirizano wa ntchito ulembedwe ngakhale pakati pa abale: chiwerengero cha zithunzi zotsukidwa, kukula kwake, tsiku loperekera, ndalama yoyamba yotumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndiponso ngati akwati alola kuti zithunzi zawo ziikidwe pa Facebook pofuna kutsatsa malonda. Pali ntchito imodzi yoyenera kukana. Lamulo la maukwati la mu 2015, limene linalimbikitsidwa ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo wojambula wolemekeza ntchito yake sakongoletsa mwambo wotere.

Kuimika anthu

Anthu ambiri akaona kamera amaima chilili, manja ali m'mbali, nkhope ili gwa, monga pojambulitsa chithunzi cha chiphaso. Akwati amaoneka omasuka akatembenuzirana matupi pang'ono, mapewa atagundana, thupi litatsamira pa mwendo wa kumbuyo, maluwa atagwiridwa m'chiuno osati pachifuwa pomwe amabisa diresi, ndipo chibwano chitatulutsidwa pang'ono kutsogolo. Kuwapatsa chochita kumathandiza kuposa kuwauza kuti amwetulire: ayende pang'onopang'ono atagwirana manja, mkwati akonze velo, kapena anong'oneze mkazi wake dzina limene ankamuitana ali pachibwenzi. Kupsompsonana pamaso pa apongozi kumachititsa manyazi mabanja ambiri, ndipo si chinthu choumiriza. Kamera ikhale molingana ndi maso a anthuwo, ilunjike pa diso limene lili pafupi, ndipo chithunzi chisadulire munthu m'mawondo, m'zigongono kapena m'khosi.

Akuluakulu salamulidwa kapena kugwidwa mapewa. Mpando uikidwe kale pamthunzi, ndipo wojambula alankhule mwaulemu, monga kunena kuti, "Agogo, tatembenukirani kuno pang'ono, zikomo," kapena, "Bambo, mukanavula kaye chipewacho kuti nkhope ioneke." Gulu lalikulu lijambulidwe katatu kapena kanayi motsatizana popeza sipalephera wina wotsinzina, ndipo mmodzi mwa operekeza asunge kansalu koyera kopukutira thukuta pamphumi ndi pamphuno za akwati chithunzi chilichonse chisanajambulidwe, mosakhula kuti zodzola zisafufutike. Masekondi ochepa amenewa amapulumutsa maola ambiri okonza.

Asanadine batani, wojambula ayendetse maso m'mbali zonse zinayi za chithunzi, chifukwa mtengo wooneka ngati wamera pamutu pa mkwati, chimbudzi, njinga za kabaza ndi mabotolo otayidwa zimachotsedwa mosavuta posuntha mapazi. Ena amafuna kukajambulitsa m'mphepete mwa Shire kapena kumadambo, koma mtsinjewu uli ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo madzulo, pamene kuwala kwakoma, ndi pamenenso ngozi imakula, kotero akwati aime patali ndi madzi, pamtunda pooneka bwino. Pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa pamadutsa magalimoto akuluakulu, ndipo minda ya nzimbe ili ndi eni ake oyenera kupemphedwa.

Kutentha, fumbi ndi magetsi

Makamera ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40, malire amene chigwa chino chimawadumpha, ndipo foni ikatentha imazimitsa yokha kamera. Zipangizo zisasiyidwe m'galimoto yotseka kapena padzuwa, ziphimbidwe ndi nsalu yoyera popuma, ndipo lenzi isinthidwire m'nyumba chifukwa fumbi la kamvuluvulu likalowa m'kati limasiya madontho pa chithunzi chilichonse. Mabatire awiri ndi pawabanki zitchajidwe dzulo lake, popeza magetsi sadalirika nthawi zonse, monga zinaonekera namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Mamemore khadi awiri apakatikati ndi abwino kuposa imodzi yaikulu, kuti ina ikafa ukwati wonse usatayike. Kuvuta kwa kujambula m'dera lino si kwa lero: pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire umene unayamba mu 1858, mng'ono wake Charles, amene anapatsidwa ntchito yojambula, anasiya zithunzi zochepa zedi, ndipo zambiri zimene zilipo anajambula ndi John Kirk pa mapepala opakidwa phula amene sankafuna kutsukidwa nthawi yomweyo.

Kukonza zithunzi

Ntchito yoyamba ndi kukopera zithunzi zonse pamalo ena zisanakhudzidwe, ndipo yachiwiri ndi kusankha. Oyamba kumene amapereka zithunzi zonse poganiza kuti kuchuluka kumasonyeza khama, koma zithunzi 80 zosankhidwa bwino zimakondweretsa kuposa 600 zokhala ndi otsinzina, ogwedera ndi otafuna. Pa foni pulogalamu yaulere ya Snapseed ndi yokwanira, monganso Lightroom ya pa foni, ndipo pa kompyuta pali darktable, RawTherapee ndi GIMP zimene sizigulidwa. Amene kamera yake imalola ajambule mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona ndi kupereka mpata waukulu wowalitsa nkhope, ngakhale kuti umadya malo ambiri, pamene JPEG ndi fayilo yofinyidwa kale imene imawonongeka pang'ono nthawi iliyonse ikakonzedwa ndi kusungidwanso.

Ndondomeko yake iyambe ndi kuwongola chithunzi chopendekeka ndi kudula zosafunika m'mbali. Kenaka pakonzedwe mtundu wa kuwala, umene umalembedwa kuti White Balance, chifukwa tenti yabuluu kapena yofiira, masamba a mtengo ndi mababu a m'holo zimapaka mtundu wake pakhungu. Diresi loyera ndilo muyeso: likaoneka loyera, losapendekera ku buluu kapena ku chikasu, khungu nalo limakhala pafupi ndi mtundu wake. Zikatero mbali zowala, zotchedwa Highlights, zitsitsidwe mpaka maluwa a pa diresi abwerere, ndipo mbali zoderapo, zotchedwa Shadows, zikwezedwe pang'ono chabe, popeza zikakwezedwa kwambiri khungu limatuwa ndi kutaya kuya kwake. Chida cha Selective mu Snapseed chimalola kuwalitsa nkhope yokha osakhudza diresi, ndipo cha Healing chimachotsa chiphuphu, kadontho ka thukuta kapena pepala logwa pansi. Kuwonjezera kuwala kwa mitundu, kotchedwa Saturation, kumakopa maso pa zitenje za yunifomu, koma kumasandutsa khungu kukhala lofiira modabwitsa, choncho kuchitike mochepa kwambiri. Chithunzi cha m'holo chimene mitundu yake yasokonekera chifukwa cha magetsi osiyanasiyana nthawi zambiri chimapulumuka chikasandutsidwa chakuda ndi choyera.

Pali kusiyana pakati pa kuwalitsa nkhope imene inali mumdima ndi kusintha mtundu wa munthu. Koyambako n'kukonza cholakwa cha kamera, pamene kwachiwiriko n'kupereka kwa banja chithunzi cha mlendo. Chizolowezi choyeretsa khungu pa zithunzi chimachokera ku maganizo omwewo amene amagulitsa mafuta oyeretsa khungu m'misika, ndipo zotsatira zake zimaonekera msanga: nkhope yoyera pamwamba pa khosi ndi manja akuda, kapena mkwatibwi wosafanana ndi mayi ake amene aima pambali pake. Muyeso wabwino ndi wakuti zimene zidzachoke zokha pakatha sabata ziwiri zingachotsedwe, koma zimene munthu amakhala nazo, monga mphini za agogo, mpata wa mano, chipsera chakale ndi makwinya, zisiyidwe pokhapokha mwini wake atapempha. Mapulogalamu onga Remini, amene amati amawalitsa zithunzi zosaoneka bwino, amachita zimenezi popeka maso, mano ndi khungu zimene kamera sinazione, kotero pa chithunzi cha gulu angathe kupatsa achibale nkhope zimene si zawo.

Sikirini ya foni imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, n'chifukwa chake zithunzi zotsukidwa zimatuluka zoderapo kuposa mmene zimaonekera pa foni. Kukonza kuchitikire pamthunzi, kuwala kwa sikirini kuli pakatikati, ndipo chithunzi chimodzi kapena ziwiri zitsukitsidwe kaye moyesera zonse zisanatumizidwe ku situdiyo.

Kutumiza, kutsukitsa ndi kusunga

WhatsApp imafinya chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse, ndipo chimene chadutsa m'mafoni atatu chimatuluka chophwanyika chikatsukidwa chachikulu, choncho zithunzi zopita ku situdiyo zitumizidwe ngati Document kapena zinyamulidwe pa memore khadi. Kutsuka kwabwino kumafuna timadontho 300, totchedwa mapikiselo, pa inchi iliyonse, kutanthauza mapikiselo 1800 ndi 1200 pa chithunzi wamba cha mainchesi 6 ndi 4, komanso 3508 ndi 2480 pa pepala la A4 loika mu fulemu. Mafoni ambiri amajambula chithunzi chofupikirapo m'litali kuposa pepala la 6 ndi 4, ndipo makina otsukira amadula m'mbali kuti chikwane, zimene zimadula mitu kapena mapazi ngati wojambula sanasiye mpata pamwamba ndi pansi.

Kusunga ndi nkhani yaikulu m'dera limene madzi anasefukira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 pa Ana ndi mu Malichi 2023 pa Freddy, n'kulowa m'nyumba za ku Makhanga, Bangula, Nchalo ndi midzi ina yambiri. Zithunzi za ukwati zikhale malo atatu: pa foni kapena kompyuta ya banja, pa memore khadi yosungidwa kwa mbale wa kumtunda kapena ku Blantyre, ndi pa intaneti, pomwe akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB. Nambala yachinsinsi ya akauntiyo ilembedwe papepala losungidwa pamodzi ndi chikalata cha ukwati, chifukwa foni ikatayika ambiri amalephera kulowanso. Alubamu ndi zithunzi za papepala zikulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa m'chidebe chotseka bwino chopachikidwa pamwamba, kutali ndi chiswe ndi khoma lonyowa, ndipo chithunzi cha mu fulemu chisagunde galasi chifukwa chinyezi chimachimatirira pamenepo. Kumata chithunzi m'pulasitiki wa moto kumachiteteza ku madzi, koma sikubwezeka, kotero kuchitike pa kope lachiwiri.

Zithunzi zimene zanyowa kale ndi madzi a matope zisasiyidwe kuti ziume zitaunjikana, popeza zimamatirirana kotheratu. Zichotsedwe mu alubamu zidakali zonyowa, zilekanitsidwe pang'onopang'ono m'beseni la madzi oyera ozizira, zitsukuluzidwe mosakhudza mbali ya chithunzi, kenaka ziyanikidwe pansalu pamthunzi podutsa mphepo, nkhope zili m'mwamba. Zotsukidwa ndi makina a inki zimasungunuka mtundu zikakhala m'madzi, choncho zimenezo, pamodzi ndi chilichonse chimene chayamba kusupuka, zijambulidwe kaye ndi foni pamthunzi zisanaviikidwe.